Azakhali Ankalankhula ndi Anthu Ogona

Sabata yathayi tinachita sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirireni azakhali anga a Halima, kunyumba kwawo ku Gongo la Mboto mumzinda wa Dar es Salaam. Anthu anadzaza bwalo mpaka ena kukhala tsidya la msewu. Atatha mapemphero, amayi anayamba kuwakumbukira mmodzimmodzi. Wina anati anamuthandiza pobereka mwana wake woyamba, wina anati sankadutsa munthu osamupatsa moni, winanso anati mtima wawo unali wolimba ngati wa mwamuna. Ine ndinkangogawa mpunga. Ndinakhala nawo m'nyumba imodzi zaka zawo zomaliza, ndipo sindinaonepo munthu wamantha ngati iwo. Sankaopa akuba, njoka kapena matenda. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, ndipo pochoka anandisiyira ine.

Anali achemwali a bambo anga. Anabwera ku Dar es Salaam ali kamtsikana, kutsatira agogo amene anachoka ku Ntaja kudzasoka zovala kuno. Bambo anga anatsala kumudzi, n'chifukwa chake ine ndinawadziwa azakhaliwa ndili wamkulu kale, nditapeza ntchito ku Kurasini yokonza mapepala a katundu wopita ku Malawi. Nthawi imeneyo n'kuti atapuma kale pantchito, amuna awo atamwalira, mwana wawo Rashidi akukhala ku Mwanza. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya unamwino pachipatala china chachikulu mumzinda muno, m'chipinda cha opaleshoni. Ndiwo ankapereka mankhwala ogonetsa munthu asanang'ambidwe, amene Aswahili amati nusu kaputi, ndipo ankakhala kumutu kwa wodwalayo mpaka atadzuka.

Ndisanathe mwezi m'nyumbamo, Loweruka lina masana ndinagona pamphasa chifukwa cha kutentha. Nditatsegula maso ndinapeza nkhope yawo ili pafupi ndi yanga, zala zawo zili padzanja langa pamene pamagunda mtsempha.

"Unali kuti, Asiyatu?" anandifunsa.

"Ndinagona, azakhali."

"Zoti unagona ndaona. Thupi lako linali pompano, ndimaliyang'ana. Ndikufunsa iweyo."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala za anthu achikulire. Iwo sanaseke. Anasiya dzanja langa pang'onopang'ono, n'kubwerera kukhitchini.

Kenako ndinazindikira kuti munthu wogona sankamuona ngati mmene timamuonera ena tonsefe. Mu daladala, minibasi ya kuno, wina akayamba kusinza mutu uli pawindo, iwo ankasiya kucheza n'kumangomuyang'ana pachifuwa. Sankalola kuti mwana adzutsidwe pomugwedeza kapena pomukalipira. Ankati umutchule dzina motsitsa mawu, umudikire abwere yekha. Ndipo pafupi ndi munthu wogona sankalola miseche, ngakhale wogonayo akhale khanda. Ukayamba kunena za wina, ankakulozera chitseko ndi chibwano.

Ankakonda kunena kuti tulo ta kunyumba n'tachifundo, chifukwa ukadzuka umadziwa kuti papita nthawi, ndipo mwina umabwerako ndi kaloto. Tulo ta mankhwala n'tina. Munthu amatseka maso, n'kuwatsegula, n'kufunsa kuti kodi muyamba liti, pamene am'ng'amba kale n'kumusoka. Maola onse aja kwa iye sanakhaleko. Ankati anaona ubongo wa munthu wamoyo ndi maso awo kambirimbiri, ndipo ndi nyama basi, yofewa, yotuwa, yosasiyana kwenikweni ndi ya mbuzi. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti m'nyama imeneyo muli wina amene amamva kutsekemera kwa shuga, amasowa mayi ake, amadziwa kuti iye ndi iye. Anafunsapo madokotala akuluakulu, a kuno ndi ochokera kunja. Onse ankadziwa muyezo wa mankhwala, ena ankafotokoza mmene mbali za ubongo zimasiyira kutumizirana uthenga. Koma akawafunsa kuti nanga womvayo amachokera kuti ndipo amapita kuti, oona mtima ankayankha kuti palibe amene akudziwa. Madokotala oterowo ndi amene azakhali ankawalemekeza. Amene ankayankha mofulumira ankawatcha ana.

Wokangana naye wamkulu anali mchimwene wawo wamng'ono, bambo aang'ono a Yusufu, amene amakhoma mipando ndi makabati ku Keko. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankakwera daladala kudzadya kwathu, ndipo tiyi asanazizire mkangano unali utayamba. A Yusufu ankati nkhaniyo ndi yapafupi: mzimu ndi wa Mulungu, munthu akagona amautenga, akafuna amaubweza. Azakhali nawo sankaphonya mapemphero a swala, ndipo Ramadhani ankamanga yonse, osadya masana, ngakhale atakalamba. Koma ankati iwo anaonapo bambo wina wofatsa amene anavulazidwa ndi chitsulo pamphumi, n'kudzuka ali munthu waukali, wotukwana, mpaka mkazi wake kulira kuti amene mwandibwezerayu si mwamuna wanga.

"Ndiye tandiuza, Yusufu, chitsulo chija chinavulazanso mzimu?"

"Achemwali, wailesi ikagwa pansi n'kuyamba kulira moipa, sindiye kuti wolankhula ku siteshoni wadwala."

"Iwe unakafikako ku siteshoniko?"

"Mabuku anafikako."

"Ine ndinali ndi jakisoni m'manja. Ndikakankha pang'ono munthu amachoka, ndikasiya amabwera, ndikanapitiriza sakanabweranso. Ukufuna undiuze kuti chala changa ichi chimalamula mizimu?"

A Yusufu ankapukusa mutu, n'kunena kuti kuphunzira kwambiri kunawalanda achemwali awo tulo. Lachisanu lotsatira ankabweranso, atanyamula machungwa.

Panali nthawi imodzi yokha imene anasiya kubwera. Zinachitika ine ndisanafike, koma ndinazimva kwa onse awiri. Mkazi wa a Yusufu anadwala kwambiri mpaka kukomoka, ndipo anam'bweza kunyumba kuti akathere komweko. Amuna a m'banjamo pamodzi ndi shehe wa kumzikiti kwawo analowa m'chipinda mmene anagona. Atapemphera anayamba kukambirana motsitsa mawu za manda ndi za amene akagule sanda. Azakhali anaimirira, n'kutsegula chitseko, n'kuwauza onse kuti atuluke, shehe yemwe. Anati munthuyu akupuma, ndipo palibe mmodzi wa inu amene angalumbire kuti sakumva. A Yusufu anachita manyazi kwambiri pamaso pa shehe wawo. Maliro atatha anakhala miyezi yambiri osaponda ku Gongo la Mboto, ndipo atabweranso nkhaniyo sanaitchule.

Zakumwamba sizinkawaopsa. Chaka china kutachitika kadamsana masana, anthu a m'dera lathu anasokonezeka. Kuwala kunafooka ngati kukubwera mvula pamene kunalibe mtambo, nkhuku zinayamba kuzungulira pafupi ndi khola, mayi wina woyandikana nafe anatsekera ana ake m'nyumba. Azakhali anatulutsa sefa ya ufa, n'kuigwira padzuwa, n'kuitana anawo kuti adzaone timiyezi ting'onoting'ono tambirimbiri tili pasimenti. Anawauza kuti ndi mwezi chabe ukudutsa kutsogolo kwa dzuwa, ndipo anthu a sayansi anadziwa kalekale tsiku lake ndi nthawi yake. Ankakonda kuonera pa TV mapulogalamu a nyenyezi. Ankandifotokozera kuti kuwala kwa nyenyezi zina kunanyamuka anthu asanakhaleko padziko, ndi kuti milalang'amba ikutalikirana, ndipo palibe akudziwa bwinobwino chimene chikuikankha. Zimenezi ankazinena mosangalala, ngati nkhani za kumudzi. Ankati chinthu chakutali chikhoza kukhala chosadziwika, munthu n'kumagona bwinobwino. Chowawa n'chakuti chosadziwika chachikulu chili kuseri kwa maso ako omwe.

Chiyambi cha mantha awo ndinachimva mochedwa. Anayamba kumva kupweteka m'mimba, ndipo kuchipatala anawapeza ndi timiyala m'ndulu. Dokotala anati ndi opaleshoni yaing'ono. Iwo anakana. Rashidi anaimba foni kuchokera ku Mwanza, anakana. A Yusufu anawachonderera, anakana. Tsiku lina masana tikusankha mpunga pakhonde, ululu unawagwira mpaka thukuta kutsika m'khosi, ndipo ine ndinapsa mtima.

"Azakhali, inu mwagonetsa anthu osawerengeka, onse anadzuka. Lero mukuopa chiyani?"

Anadikira kuti ululu uchepe. Kenako anakankhira lichero pambali, n'kundiuza nkhani ya dalaivala.

Anali adakali mayi wa mwana mmodzi wamng'ono, atazolowera kale ntchito. Tsiku lina m'mawa anabweretsa mwamuna amene anapanikizidwa pakati pa lole ndi ngolo yake kumalo opakirira makontena ku Kurasini. Magazi ankatayikira m'mimba, ndipo anathamanga naye ku opaleshoni osafunsa n'komwe kuti ndi wa kuti. Azakhali anandifotokozera kuti mankhwala amakhala a mitundu iwiri. Ena amagonetsa munthu, ena amafooketsa minofu kuti thupi lisagwedezeke pamene dokotala akugwira ntchito. Munthu amene wataya magazi ambiri sungamupatse ogonetsa okwanira, chifukwa mtima ukhoza kuima. Choncho anamupatsa ochepa, monga mmene anaphunzitsidwira, koma ofooketsa minofu anamupatsa onse. Masiku amenewo analibe makina oonetsa ngati ubongo wagonadi. Ankangoyang'ana mtima ndi mpweya.

M'chipindamo onse ankalankhula Chiswahili ndi Chingerezi. Azakhali anali ndi chizolowezi chong'ung'udza m'Chichewa akapanikizika, podziwa kuti palibe womva. Ataona mmene magazi ankatulukira, ndi mmene dokotala ankavutikira kupeza potuluka pake, anawerama kumutu kwa munthuyo pokonza chubu cha mpweya, n'kunena okha kuti, "Uyu wapita uyu. Tikungovutika ndi mtembo." Anaona msozi ukutsika pangodya ya diso lake kulowera kukhutu. Anaupukuta ndi thonje. Maso a anthu ogonetsedwa nthawi zina amatero.

Munthuyo sanafe. Patapita masiku angapo azakhali anadutsa kuwodi kukamuona, n'kumupepesa m'Chiswahili kuti pole. Iye anawayang'anitsitsa, n'kuyankha m'Chichewa.

"Mayi, ndinu a kwathu, eti? Mawu anuwo ndawazindikira."

Azakhali anasangalala, n'kumufunsa kwawo. Anati ndi a Lufeyo, a ku Dedza. Anamufunsa kuti mawu awo anawamva kuti, poti anafika kuchipatala atakomoka.

"Ndinawamva mkati muja," anatero a Lufeyo. "Ndinadzuka akundidula. Mpeni ndinaumva, manja awo m'mimba mwanga ndinawamva. Ndinkakuwa, koma pakamwa sipankatseguka. Ndinayesa kugwedeza chala, chinakana. Ngakhale chikope. Anthu ankalankhula zimene sindinkamva. Kenako pafupi ndi khutu langa ndinamva chilankhulo cha kwathu. Mtima unakhala pansi, ndinati abale afika, andiona kuti ndili maso. Ndiye munanena zija."

Azakhali anati anagwira chitsulo cha bedi. A Lufeyo sanakweze mawu, ndipo sankaoneka okwiya.

"Ine ndinakukhulupirirani, mayi. Ndinati ndiye kuti ndafa. Ndinati kufa n'kumeneku: umamva zonse, ululu uli pomwepo, koma sungathe kuuza munthu. Ndinayamba kuganiza kuti andiika m'bokosi ndikumva, andikwirira ndikumva, ndipo zikhala choncho osatha. Ululu wa mpeni unali waung'ono poyerekeza ndi zimenezo."

Azakhali anapepesa, anagwada pansi pawodi pomwepo atavala yunifolomu. A Lufeyo anati adzuke, anthu akuona. Kenako anawagwira dzanja, n'kufunsa chimene chinkawavuta.

"Inu mumagwira ntchito imeneyi, mukudziwa. Akufa samva, eti?"

Azakhali anayankha kuti samva. Anandiuza kuti anayankha mwamphamvu, akumuyang'ana m'maso, chifukwa munthuyo ankafunika kugona. Koma pobwerera m'khonde la chipatala anazindikira kuti masiku ochepa m'mbuyomo akanalumbiranso mwamphamvu yomweyo kuti munthu wogonetsedwa samva. Zizindikiro zonse zimene anaphunzira zinkanena kuti m'thupi muja mulibe munthu, pamene munthu analimo, akukuwa.

Anakauza dokotala wamkulu, ndipo anakhala pansi n'kuunika zonse. Anapeza kuti muyezo unali woyenera, ndi kuti akanawonjezera mankhwala mwina dalaivalayo akanafera patebulo. Dokotalayo anati zoterezi zimachitika mwa apo ndi apo padziko lonse. A Lufeyo atachira anabwerera ku Malawi, ndipo azakhali sanawaonenso. Anangomva kwa madalaivala anzawo kuti anasiya ntchito ya malole, ndi kuti sankagonanso chagada.

Azakhali ntchito sanaisiye. Anaigwira zaka zina zambiri, koma kuyambira tsiku limenelo ankalankhula ndi wodwala aliyense kuyambira pogona mpaka podzuka. Ankamutchula dzina, n'kumuuza kuti ali kuchipatala, kuti madokotala ali pakati pa ntchito, kuti zikuyenda, kuti sali yekha. Anzawo ankawaseka kuti Sista Halima amacheza ndi mitembo yamoyo. Palibe wodwala wina amene anadzawauza kuti anawamva. Iwo ankati zimenezo sizitsimikizira kanthu, chifukwa munthu akhoza kumva n'kudzaiwala.

"Ndiye ukuti ndikagone patebulo paja?" anandifunsa. "Kumutu kwanga kukakhala ndani?"

Anakokeranso lichero, tinapitiriza kusankha mpunga. Timiyala tija anakhala nato mpaka kumapeto, akusala zamafuta ndi kupirira.

Chimene chinawatenga ndi china. Tsiku lina m'mawa ndikukonzeka kupita kuntchito ndinamva kapu ikusweka kukhitchini. Ndinawapeza ali pansi, pakamwa patapotoka, diso limodzi likundiyang'ana. Tinawanyamula ndi aneba n'kuthamangira kuchipatala. Pofika n'kuti atasiya kuyankha. Dokotala wachinyamata anandionetsa chithunzi cha mutu wawo, n'kuloza pamene mtsempha unaphulika. Anawaitana dzina mokweza, anawatsina pachala, anawaunika m'maso ndi tochi. Ankapuma okha, koma sanagwedezeke.

Ndinamufunsa ngati akumva. Anayamba kunena kuti mwina ayi, kenako anaima. Anati pali odwala ena amene amaoneka chonchi, koma akawayeza ndi makina apadera, amene kuno kulibe, ubongo wawo umaonetsa kuti ukutsatira zonenedwa. Anati sangandinamize, sakudziwa. Ndinaganiza kuti azakhali akanamukonda mnyamata ameneyu.

Masiku amene anatsatira sindinadye bwino. Ndikalowa m'wodi ndinkayamba ndayang'ana pangodya za maso awo. Nthawi zina pankakhala ponyowa, ndipo nesi ankati ndi mankhwala a m'maso amene amawadonthezera. Ndinkafuna kulankhula nawo monga iwo ankachitira ndi odwala awo, koma mawu ankandithawa. Ndinkaopa kuti alimo. Ndinkaopanso kuti mulibe. Ndikawagwira dzanja linali lofunda ndi lolemera, ndipo ndinkangoona a Lufeyo, munthu amene sindinamuonepo, akuyesa kugwedeza chala.

Rashidi anafika kuchokera ku Mwanza. Ndi munthu wabwino, ndipo amayi ake ankawakonda, koma ndi wa kuno. Chichewa amangomva, ndipo nkhani ya dalaivala sanauzidwepo. Lachisanu masana tinali atatu pabedi, iye, ine ndi a Yusufu amene anabwera kuchokera ku mzikiti. Foni ya Rashidi inalira. Anayankha ali chiimire kumutu kwa amayi ake, n'kuyamba kufotokozera wachibale wina m'Chiswahili kuti madokotala ataya chiyembekezo, kuti ndi bwino kuyamba kufunsa za malo kumanda.

A Yusufu, amene msana unawapindika kale chifukwa cha matabwa, anadzuka mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo. Anamugwira Rashidi pamkono, n'kumukokera kunja kwa wodi foni ili kukhutu. Anabwerako okha akupuma mwamphamvu. Anakokera mpando pafupi, n'kuwerama mpaka ndevu zawo kukhudza pilo.

"Achemwali, ndine Yusufu. Lero ndi Lachisanu, masana. Muli m'chipatala. Mtsempha wa m'mutu unaphulika, n'chifukwa chake thupi likukana. Simunafe. Mukundimva? Simunafe, achemwali. Asiyatu ali pompano, wakugwirani dzanja. Zimene amanena mwana uja musazitenge, ndi mantha."

Ndinawayang'ana modabwa. Iwo osatembenuka anandiuza kuti nkhani ya dalaivala anaimva kalekale, pamene anabwereranso kunyumba kwa achemwali awo pambuyo pa maliro a mkazi wawo.

Kuyambira tsiku limenelo anatseka shopu yawo ku Keko. Ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuyamba ndi mawu omwewo: dzina lawo, tsiku, malo, ndi kuti simunafe. Kenako ankawauza za mitengo ya matabwa, za mvula imene inawononga msewu wa Pugu, za mdzukulu amene wayamba kuyenda. Nthawi zina ankayambitsa dala mkangano wawo wakale, n'kusiya mpata woti ayankhidwe, n'kudikira. Kudikira kumeneko ndi kumene kunkandiopsa kwambiri. Ine ndinaphunzira kwa iwo, ndipo madzulo ndikachoka kuntchito ndinkapitiriza. Rashidi naye, atamva nkhani yonse, ankakhala pansi n'kumalankhula ndi amayi ake m'Chichewa chake chothyokathyoka.

Azakhali anamwalira masana ena dzuwa likuswa mtengo, a Yusufu ali pakati pa chiganizo. Mpweya unatuluka, wina sunabwere. A Yusufu anadikira, anaitana nesi, ndipo nesi atatsimikiza, iwo anatsegula pakamwa ngati akufuna kuwauza achemwali awo chimene chachitika. Koma anangowatseka maso n'kuyamba kupemphera.

Ndinali m'gulu la amayi amene anasambitsa thupi. Ndinaumirira kuti madzi akhale ofunda, ndipo pochita chilichonse ndinkawauza. Ndinkati azakhali, tsopano tikutembenuzirani kumanja, tsopano tikutsukani tsitsi. Amayi achikulire amene ankatsogolera sanadabwe. Mmodzi anangoti ndi bwino, maliro amafuna ulemu. Sanadziwe kuti ine ndinkachita zimenezi chifukwa cha china. Pokulunga sanda kumaso ndinapempha kuti adikire pang'ono. Ndinayang'ana pangodya za maso. Panali pouma.

Ife amayi sitipita kumanda. Amuna atabwerako, a Yusufu sanakhale pamphasa ndi anzawo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pa ndowa yovundikira, dothi lofiira lili kumapazi. Ndinawapatsa madzi, n'kufunsa ngati zonse zayenda bwino. Anati zayenda. Kenako anati kwathu kuno akatha kukwirira, shehe amagwada kumutu kwa manda n'kumulangiza womwalirayo zoti akayankhe akafunsidwa ndi angelo.

"Moyo wanga wonse ndamva malangizo amenewo, ndipo ndinkavomereza ndi mtima wonse kuti wapansiyo akumva. Zinkanditonthoza. Lero, mwana wanga, pamene dothi limagwa, ndinapempha Mulungu kuti achemwali asakhale akumva. Sindikudziwa ngati ndachimwa."

Anamwa madziwo, n'kundibwezera kapu.

Alendo a sadaka anapita onse, Rashidi anabwerera ku Mwanza, ndipo nyumba yatsala ndi ine. Chipinda cha azakhali chili kumapeto kwa khonde, windo lake linayang'ana ku mpanda wa aneba. Zovala tinagawa. Bedi anadzalitenga a Yusufu, poti analikhoma okha kalekale, ndipo anati sangalole kuti ligulitsidwe. Pasimenti patsala zipsera zinayi pamene panali miyendo yake, ndipo pakati pake simentiyo ndi yoyera kuposa pena ponse. Pakhoma pali banga lamafuta pamene ankatsamira mutu, ndi msomali umene pankakolekedwa neti. Masana dzuwa limalowa n'kufika pakati pa chipinda, fumbi n'kumayandama m'kuwalako. Phokoso la madaladala a pamsewu waukulu limamveka patali, ndi ana a aneba akamakangana pampopi. Rashidi akuti ndipeze munthu wa lendi, chipinda chisamangokhala. Ndamuuza kuti ndamva. Chitseko chake ndimachisiya chotsegula, ndipo ndikamasesa, tsache limafika pamzere wa zipsera zija n'kubwerera.